Nyimbo ya Chirundu cha Ababa

Chikombe, Salima
14 Novembala 1983

Achimwene Salimu,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira muli bwino ku Blantyre kumeneko pamodzi ndi alamu anga a Zuleka ndi ana. Kuno tilipo, kungoti tilipo basi.

Ndalemba chifukwa cha ababa. Thupi lawo lili bwino, akudya, akuyenda, koma mutu ukuchoka pang'onopang'ono. Zinayamba ndi kuiwala pamene aika chisoti. Tsopano ine mwana wawo amanditcha Habiba, dzina la malemu amayi. Amuna anga a Musa, amene akhala nawo pakhomo pano zaka zisanu ndi zitatu, amawafunsa m'mawa uliwonse kuti, "Kodi alendo achokera kuti?" Dzana anaswali swala ya masana katatu, chifukwa akamaliza amaiwala kuti aswali kale.

Mwezi wa Ogasiti tinawaletsa kupita kukasodza ku chilumba cha Mbenji. Kuchokera pamenepo a Musa ndiwo akutsogolera ukonde wathu wa chilimira, ndipo ukondewo wang'ambika kawiri. Mukuchidziwa chirundu cha ababa, mwala uja wa pansi pa madzi pamene pamadzadza utaka. Malo ake enieni amawadziwa ndi iwo okha. Zaka zonsezi alovi athu, anyamata okoka ukonde aja, ankangotsatira bwato lawo, iwo n'kumawazungulitsa dala kuti asaloweze njira. Lero akaponya chakumanzere pang'ono, ukonde ukodwa pamwala. Akaponya chakumanja, akoka madzi okhaokha.

Koma chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Ababa amakhala pakhonde n'kuyamba nyimbo, mzere umodzi wokha, kenaka amakhala chete atatchera khutu ngati pali wina woti awayankhe. Akaona kuti kuli zii, amayambanso mzere womwewo. Amatero tsiku lonse. Ndikamasinja ndimaumva, ndikapita kudoko umanditsata m'mutu.

Achimwene, bwerani mudzawaone.

Ndine mlongo wanu,
Nafisa


Blantyre
2 Disembala 1983

Nafisa mlongo wanga,

Waalaikumu salamu. Kalata yako ndalandira. Kuno tonse tili bwino, kupatula Zuleka amene akudandaula dzino.

Ndaikamo positi oda ya makwacha khumi. Mugule ulusi wosokera ukonde, yotsalayo shuga wa ababa. Zoposa pamenepa ndilibe. Anthu akumudzi mumaganiza kuti ife a m'tauni ndalama timangotola m'njira.

Za kuiwalako, ndi ukalamba. Ine ntchito yanga m'chipatala muno ndi yothandiza anamwino, ndipo agogo otere ndimawasambitsa ndi kuwadyetsa tsiku ndi tsiku. Mankhwala ake kulibe. Chonde musawononge nkhuku kwa asing'anga. Muziwayang'anira asapite okha kumadzi.

Kubwera sindingathe. Tchuthi changa chili mu Juni, ndipo akuluakulu a pano sapereka masiku chifukwa choti bambo ako akuimba.

China chimene ndaona, usakwiye. Kalata yako yakamba zambiri za ukonde ndi chirundu. Kodi unalemba wekha, kapena alamu anaima kumbuyo kwako? Mkamwini akayamba kufunsa za malo a apongozi ake iwo ali moyo, munthu umadabwa.

Ndine mchimwene wako,
Salimu


Chikombe, Salima
21 Disembala 1983

Achimwene,

Moni. Ndalama zanu zafika, zikomo, koma werenganinso kalata ija mundiuze pamene ndinapempha ndalama. Ndinapempha inu.

Za a Musa mwandipweteka mtima. Munthu amene mukumuyesa wakubayo ndi amene amawatsuka ababa akadziipitsira, ndipo sanadandaulepo ngakhale tsiku limodzi. Kalatayo sindinawaonetse.

Tsopano mvetserani. Mzere umene ababa amaimba ndi uwu: "Mlambe wabisa mzikiti, mwanawe." Ine ndinkauyesa mawu a munthu wosokonezeka. Koma a Musa atamvetsera bwino anadumpha, nati ukamachoka padoko lathu kulowera ku Mbenji, pali pamene mlambe waukulu uja umaphimba mzikiti, osauonanso. Achimwene, nyimboyi ndi njira! Ababa zizindikiro za chirundu sanazilembe papepala, anazisunga m'nyimbo. Ndipo ndi nyimbo ya anthu awiri, wotsogolera ndi wovomera. Sapitirira chifukwa palibe wowavomera.

Tinayesa kuwafunsa bwinobwino kuti, "Ababa, ukadutsa mlambe umalowera kuti?" Anangotiyang'ana n'kufunsa ngati mvula yagwa ku Maganga.

Ine ndine mkazi, ku Mbenji mwambo sundilola kupondako, choncho nyimboyi sanandiphunzitse. Alovi akamayandikira ankangoing'ung'uza kukhosi. Munthu mmodzi yekha amene ankakwera nawo bwato awiriwiri ndinu. Ndikukumbuka ndili wamng'ono mukuimba chinachake posoka ukonde, ababa n'kukuponyerani chigoba cha nkhono kuti mutseke pakamwa.

Mbenji amutseka sabata yatha kuti nsomba ziswane, adzamutsegula mu Epulo. Alovi anena poyera kuti chirundu chikapanda kupezeka adzapita kwa eni maukonde ena. Akapita, ukonde wa ababa udzawolera pamtanda, ndipo pakhomo pano tidzadya chiyani sindikudziwa. Theka la nyimboyi lili m'mutu umene ukutha, theka lina lili ku Blantyre likudikira Juni.

Nafisa


Blantyre
9 Januwale 1984

Nafisa mlongo wanga,

Moni kwa iwe, kwa ababa, ndi kwa alamu. Pa zimene ndinalemba za iwo ndinalakwa, ndikhululukire.

Kalata yako ndinaitsegulira kuntchito nditaimirira pakati pa mabedi. Nditangowerenga mzere uja, pakamwa panga panavomera pokha, mokweza, mpaka wodwala wina anatembenuka. Zaka khumi ndi ziwiri sindinaiganizirepo nyimbo imeneyi. Ukanandifunsa dzulo lake ndikanalumbira kuti ndinaiiwala. Ndinakakhala pansi kuchipinda chosungira nsalu.

Ndinalimba mtima n'kuwafunsa adokotala athu, a Jameson, amene amaona odwala a matenda a ubongo. Sanadabwe. Ananditengera kwa bambo wina amene anafa ziwalo mbali yakumanja, amene satha kutchula ngakhale dzina la mkazi wake. Adokotala anayamba nyimbo ya kutchalitchi, bamboyo n'kuimba ndime yonse, mawu onse omveka. Nyimbo itatha anabwerera kukhala wosalankhula.

Anandifotokozera motere. Zinthu zimene timakumbukira sizikhala malo amodzi mu ubongo. Matenda a ababa amayamba kudya mbali imene imasunga zatsopano ndi mayina, n'chifukwa chake alamu amasanduka alendo m'mawa uliwonse. Koma nyimbo imagwira malo ambiri nthawi imodzi: pamene pamamva mawu, pamene pamayendetsa manja, ndi pamene pamakhala chisoni ndi chimwemwe. Nyimbo imene munthu waiimba zaka makumi anayi akupalasa imachedwa kufufutika. Ndipo mzere uliwonse umakoka unzake, monga chingwe chimakokera ukonde. Ukawafunsa ndi mafunso sapeza kanthu, koma ukawapatsa mzere woyenera, wotsatirawo umabwera wokha. Anati madokotala zambiri za izi sakuzimvetsabe. Anatinso tisachedwe, chifukwa pamapeto pake matendawa amafika ponseponse.

Ndiye uchite izi. Uwapatse nkhafi yawo m'manja, akhale ngati ali m'bwato. Akaimba za mlambe, iwe uvomere kuti, "Ndauona, baba, nkhafi kumanja." Undiuze zimene zichitike.

Kodi dzina langa amalitchula?

Salimu


Chikombe, Salima
6 Febuluwale 1984

Achimwene,

Asalamu alaikumu. Ndachedwa kuyankha chifukwa amayi tonse a kuno anatitenga pa lole kupita ku boma kukaphunzira magule olandirira alendo aakulu. Tinakhalako masabata awiri, ndipo tinavina mokondwa kwambiri, monga mukudziwa. Ndabwerako ndi nyimbo khumi zatsopano m'mutu, ndapeza ababa ataonda chifukwa kwa a Musa amakana kudya, akuti sadya kwa alendo.

Mwafunsa ngati amakutchulani. Sindikunamizani, ayi. Chithunzi chanu chija ndinawaonetsa, anati ndi kalaliki wa kumsika.

Za nkhafi adokotala anu ananena zoona. Nditangowapatsa, manja anagwira pamalo pake penipeni, msana n'kuwongoka. Anayamba kupalasa mchenga wa pakhonde, naimba mzere wawo. Ine ndinavomera mawu anu aja.

Anaima. Ananditembenukira, nandiyang'ana m'maso koyamba chichokereni chaka chatha, nati, "Ayi."

Ndinayesa kuwaimba ngati nyimbo yosinjira. "Ayi." Ndinayesa ngati sikiri ya kumzikiti. "Ayi." Ndinakweza mawu, ndinatsitsa, ndinakoka, ndinafulumiza. A Musa nawonso anayesa ndi mawu awo a chule aja. Ababa anamenya nkhafi pansi nati, "Ayi, ayi, si choncho!" Kenaka anayamba kulira ngati mwana, ndipo tsiku limenelo sanaimbenso.

Sindikudziwa ngati ndisangalale kapena ndilire. Munthu amene sadziwa mwana wake akudziwa kuti nyimbo yalakwika. Mawu mwatumiza, achimwene, koma maimbidwe ake salowa mu envelopu. Sitima ya ku Salima sinasiye kuyenda. Mukuopa chiyani kuno?

Nafisa


Blantyre
15 Febuluwale 1984

Nafisa,

Moni nonse. Ndikulemba mothamanga. Ndapempha masiku atatu, andikaniza, odwala achuluka.

Koma ndapeza nzeru. Sisitala Edina a kuntchito kuno anandibwereka wailesi yawo yojambulira mawu, ndipo ndajambula kuvomera kwanga pa tepi. Ndasiya mipata yoti ababa aziimbamo mizere yawo. Mukabwereke wailesi ya kaseti kwa a Robert a pagolosale, mabatire ndaikamo anayi. Ababa akaimba mzere woyamba, iwe udine batani, zinazo ziyenda zokha.

Phukusili ndapatsira Mayi Eveles, ogula nsomba aja, akwera sitima ya mawa. Tepi ndi ine ndi chimodzimodzi, mwinanso tepi iposa.

Funso lako lomaliza sindinalimve.

Salimu


Chikombe, Salima
12 Malichi 1984

Alamu,

Moni. Ndine Musa. Kulemba sindinazolowere, mupirire nazo zilembo zangazi.

Tepi yanu yafika dzulo. Yatha masabata atatu m'manja mwa eni dziko. Mayi Eveles atatsika pa siteshoni, anyamata a malaya ofiira anawafunsa khadi la chipani. Khadi anali nalo. Koma anapisa m'dengu, napeza tepi yopanda dzina. Anaitengera kwa apampando a chipani. Kumeneko anaimvetsera. Anamva mwamuna akuti "ndauona", kenaka chete, kenaka mawu ena, kenaka chete mpaka kumapeto. Anati awa ndi mauthenga a anthu othawa dziko. Mayi Eveles anagona masiku awiri pa benchi. Mukawaona mudzawapepese, ndipo akuti musadzawatumenso.

Ine ndapitako katatu pa njinga. Ndinafotokoza za apongozi anga. Sanamve. Ulendo wachitatu ndinapita ndi moni wa dengu limodzi la utaka wouma, ndipo anamva.

Alamu, Nafisa anabisa kalata yanu ija koma ndinaipeza. Ndinawerenga. Sindinakwiye kwambiri. Chirundu si changa, ndi cha bambo anu. Mukafuna bwerani mudzatsogolere ukonde, ine ndikoka chingwe ngati kale. Koma alovi asanu ndi anayi aja, atatu apita kale. Otsalawo andipatsa mpaka tsiku lotsegula Mbenji.

Ndipo apongozi akutha. Sabata yatha anaiwala njira ya kuchimbudzi. Ine bambo anga anamira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Akanakhala pakhonde akuimba, sindikanatumiza tepi.

Ndatha ine mlamu wanu,
Musa


Chikombe, Salima
16 Malichi 1984

Achimwene,

Moni ndilemba pamapeto, nkhaniyi ikundiwotcha.

Lachiwiri m'mawa tinabwereka wailesi kwa a Robert, tinaiika pampando pakhonde. Ababa tinawapatsa nkhafi. A Musa anakhala pambali ndi pensulo. Ababa anaimba za mlambe, ine ndinadina batani, mawu anu n'kutuluka.

Achimwene, mukanaona! Nkhafi inalowa mumchenga ngati muli madzi. Nkhope yonse inasintha, anakhala ababa aja amene tinkawaopa. Osaganiza n'komwe anatulutsa mzere wachiwiri, umene sitinaumvepo. Mawu ake sindilemba, makalata amadutsa m'manja ambiri.

Koma mpata umene munasiya unali waufupi. Ababa tsopano amakoka mawu, mpweya ndi wochepa. Ali pakati pa mzere, inu munalowerera ndi kuvomera kwachiwiri. Anamenya nkhafi pansi, naloza wailesi ndi chala.

"Salimu! Dikira ndimalize! Kupupuluma kwako kuja sunasiye?"

Ndinagwa pansi ndi kulira. Miyezi yonseyi sanatchule dzina la munthu wamoyo. Akudziwani, achimwene. Ine amene ndimawadyetsa sandidziwa, koma inu akudziwani, ndipo sindibisa, nsanje inandigwira pamodzi ndi chimwemwe.

Tinabweza tepi. Ulendo uno ndinaigwira ndi batani mpaka atamaliza, kenaka n'kuimasula. Zinayenda. Munavomera kachiwiri, iwo naimba mzere wachitatu, wautali, wokoma. A Musa akuti ndi zizindikiro zitatuzi afika pafupi, koma pamene amaponyera ukonde ndi pa mzere wachinayi. Ababa anamaliza wachitatuwo, natchera khutu.

Tepi inangoti fooo. Ndinadikira. Ndinaitembenuza. Kulibe kanthu.

Ndinati, "Ababa, tepi yatha."

Anati, "Musiye, akuganiza. Pamenepa m'povuta. Avomera."

Lero ndi tsiku lachinayi. Akangodzuka amakhala moyang'anana ndi wailesi, nkhafi ili pamiyendo. Amaimba mzere wachitatu n'kudikira. Ndikabwera ndi chakudya amati ndiyambe ndakupatsani inu. A Robert atuma kawiri kuti akufuna wailesi yawo, koma nditayesa kuinyamula ababa anandigwira mkono nati, "Ukupita naye kuti mwana wanga?" Ndipo dzulo mumzere uja ababa anadumpha mawu awiri amene Lachiwiri analimo. A Musa anaona pa pepala lawo.

Kodi munaiwala kujambula kuvomera kwachitatu? Kapena munasiya dala chifukwa simukuwakhulupirirabe a Musa? Ngati ndi choncho, Mulungu akuoneni. Tumizani msanga, kapena imbani pa telefoni ya ku positi, ine ndikaima pamenepo tsiku lonse ndiloweze.

Moni kwa alamu ndi ana.

Nafisa


Blantyre
2 Epulo 1984

Nafisa mlongo wanga,

Asalamu alaikumu. Kalata yako yatha masiku khumi ndi awiri m'njira, ndipo yafika yomatidwa kawiri. Ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika m'mapindo.

Sindinaiwale kujambula, ndipo alamu ndilibe nawo chifukwa. Kuvomera kwachitatu sindikudziwa. Sindinakuphunzire.

Iwe unali wamng'ono, sunadziwe chimene chinachitika. Ababa ankandiphunzitsa gawo limodzi pa chaka, ankati nyimbo yolowa mothamanga imatulukanso mothamanga. Chaka chachitatu ndinali nditapeza kale malo a ntchito kuno. Tsiku limenelo tinali awiri m'bwato, Mbenji akuoneka apo. Anaimba mzere wachitatu, natsegula pakamwa kuti andiuze movomera mwake. Ine ndinawadula. Ndinati, "Ababa, musavutike, Lachiwiri ndikukwera sitima. Ine sindidzafa ndikununkha utaka." Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anatembenuza bwato, napalasa kubwerera kudoko. Pa maliro a amayi anandipatsa moni wa dzanja ngati munthu wa mudzi wina.

Unandifunsa chimene ndikuopa. Tchuthi anandikanizadi, koma sindinalimbikire kupempha. Ndinkaopa kufika pakhomo iwo n'kundifunsa kuti alendo achokera kuti. Ndinkaopanso kuti mwina andidziwa, n'kukumbukira tsiku lija. Sindinadziwe choopsa kwambiri n'chiti, ndiye ndinatumiza makwacha khumi, kenaka mawu, kenaka tepi.

Ndawawerengera a Jameson kalata zako ziwiri. Anaima pa "ayi" uja. Akuti munthu sangakane nyimbo yolakwika ngati yolondolayo mulibe m'mutu mwake. Kuvomera kwachitatu ababa akali nako, kungoti sangakutulutse ukawafunsa. Koma nthawi zina munthu wotere akamva wina akulakwitsa pafupi ndi pamene pali polondola, pakamwa pake pamakonza pokha. Sanandilonjeze kanthu. Anati mwina zitheka, mwina tachedwa.

Tepi singalakwitse kakhumi mosiyanasiyana, ndipo iwe akuti ndiwe Habiba. Amene akumudikira kuti amukonze ndine.

Ndapemphanso masiku, andikanizanso. Ndawauza kuti ndikupita basi. Akuti ndikabwerako mwina ndidzapeza wina atavala yunifolomu yanga. Zuleka walira, kenaka wandilongedzera chikwama. Ndikwera sitima ya Lachinayi, mwina ndifika kalatayi isanafike.

Uwauze alamu andipezere nkhafi. Ndikhala patsogolo pa ababa, aimbe mzere wachitatu mpaka amalize, ine ndivomere molakwika. Akati ayi, ndilakwitsanso mwina. Ndilakwitsa mpaka atope nane andiuze. Akafuna kunditukwana za tsiku lija anditukwane, ndikhala pomwepo. Ngati mzere wachinayi utuluka, Inshaallah, ndikwera bwato ndi alamu tsiku lotsegula Mbenji. Ngati sutuluka, ndidzakhala nditayesa ndili pamaso pawo.

Uwapemphe a Robert apirire mpaka Lachisanu. Wailesiyo isachoke pampandopo ndisanafike kudzakhalapo ine.

Ndine mchimwene wako,
Salimu